Anatifunsa Kumene Tinakumana

Uthenga wotiitana ku intavyu unandipeza kuntchito, ndili pa buleki, ndikumwa tiyi m'kachipinda ka ogwira ntchito. Ndinauwerenga pa foni, kenako ndinapatsa mnzanga wa ku Zambia amene tinali naye pa shifiti kuti awerengenso, ngati kuti Chingerezi chandithawa. A imigiresheni ankafuna kuti ine ndi amuna anga tikaonekere ku ofesi yawo ku Solihull, akatifunse za banja lathu asanandipatse chilolezo chokhala m'dziko la azungu muno mpaka kalekale. Chifukwa chotiitanira sanalembe.

"Munalakwitsa chiyani pa mapepala?" mnzangayo anafunsa.

Ndinati sindikudziwa. Anthu onse amene ndinkawadziwa, amene anapeza chilolezochi kudzera m'banja, sanaitanidwe ndi munthu. Ankatumiza mapepala, n'kukadinda zala, n'kudikira yankho ali kunyumba. Ife tinali titakwanitsa zaka zisanu zimene lamulo limafuna, tikukhala nyumba imodzi ku Smethwick, pamwamba pa shopu yogulitsa makatani kufupi ndi Cape Hill. Ndinayesa kuganiza chimene munthu angakayikire pa ife, osachipeza, ndipo kusachipezako n'kumene kunandisowetsa mtendere.

Ine kwathu ndi ku Ntcheu. Ndinabwera kuno kudzaphunzira, ndipo monga anzanga ambiri ndinkagwirako ntchito yosamalira okalamba kudzera ku ejensi. Ejensi imakutumiza kulikonse kumene kwasowa munthu: lero Dudley, mawa Walsall, mkuja kwina koti ngakhale dzina lake sunalimvepo. Nthawi ya mliri ija ndinayenda m'nyumba za okalamba zambirimbiri, kumaso kuli masiki, moti zonse zinasakanikirana m'mutu mwanga. Makolido ake ndi ofanana, fungo lake n'limodzi.

Amuna anga anabadwira ku Wolverhampton. Makolo awo anachoka ku Malawi kalekale, asanabereke mwana. Chichewa amamva pang'ono, koma kuyankha amayankha m'Chingerezi, ndipo akayesa kulankhula amatha kuuza mayi awo kuti "iwe" alendo ali pomwepo. Amagwira ntchito ku fakitale ya magalimoto kunja kwa Solihull. Bambo awo anamwalira nthawi ya mliri, ine ndisanalidziwe banjali. Ndinkangowadziwira pa chithunzi cha pabalaza: bambo wathupi, wa masaya odzaza, atavala suti yotuwa. Ndikafunsa ankandiuza kuti anadwala sitiroko n'kumwalirira kuchipatala, nkhani n'kuthera pomwepo.

Tinakumana kutchalitchi. Mapemphero atatsegulidwanso, Amalawi ndi anthu a ku Zambia tinkasonkhana mu holo ina ya lendi ku Smethwick. Lamlungu lina nditatha kuwerenga zolengeza, mnyamata wamtali anabwera kudzaima pafupi nane pa tebulo la tiyi, atagwira kapu yopanda kanthu, osalankhula. Ndinamuthirira tiyi. Anati zikomo, n'kuimabe pomwepo. Anzanga anandiseka sabata yonse. Nkhaniyi ndinali nditaifotokoza kambirimbiri, kwa mayi anga pa foni, kwa anzanga kuntchito, ngakhale pa tsiku la ukwati wathu.

Apongozi anga atamva za intavyu anatiitana kunyumba kwawo ku Whitmore Reans Lamlungu lomwelo. Ndi mayi wamfupi, anapuma pa ntchito ya unamwino, ndipo vuto lililonse amaligwira ngati odwala achuluka mu wodi. Anali atafunsa kale amayi a kutchalitchi, aliyense n'kuwauza zimene anamva kwa msuweni wa mnzake. Anatikhazika pa sofa, iwo n'kukoka mpando wa patebulo kukhala moyang'anana nafe.

"Mswachi wa mwamuna wako ndi wa mtundu wanji?"

"Wobiriwira," ndinatero. "Kapena wabuluu."

"Kumeneko kulibe kapena, mwana wanga." Anatembenukira mwana wawo. "Iwe, mkazi wako amagona mbali iti ya bedi?"

Amuna anga anayankha kuti zimatengera amene wayamba kugona, chifukwa sabata imene ali pa shifiti ya usiku, iwo akamafika ine ndimakhala ndikudzuka. Apongozi anapukusa mutu. Anati mayankho otere ndi amene amakwezetsa anthu ndege. Anatisankhira mbali pomwepo: ine kukhoma, iwo kukhomo.

Zinapitirira choncho Lamlungu lililonse. Pa chakudya chimene amuna anga amakonda, ine ndinati nkhuku yowotcha, eni ake anati tchipisi cha pa shopu ya pakona, apongozi anagamula kuti tonse tikanene mpunga wa nyemba. Anatigulira miswachi yatsopano, wofiira ndi woyera, kuti pasakhale kukayika. Mphatso ya tsiku langa lobadwa inali foni, koma iwo anati foni ndi chinthu choti aliyense anganene, tikanene nsapato za Khirisimasi. Pofika sabata ya intavyu sindinkathanso kusiyanitsa zimene zinachitikadi ndi zimene tinagwirizana pa sofa paja. Ndinkagona kukhoma tsopano, tulo osabwera bwino, chifukwa mbali yanga yeniyeni, ngati ndinali nayo, inali inayo.

Tsikulo kunali kamvula kowaza. Amuna anga msewu wa ku Solihull amauyenda tsiku ndi tsiku, koma amaudziwa mpaka pa geti la fakitale basi. Foni inkatiuza kuti tafika pamene panali malo oimika magalimoto a shopu ina. Tinazungulira, n'kubwerera pomwepo, n'kuzunguliranso. Pomaliza tinasiya galimoto n'kuyenda wapansi mpaka tinapeza nyumbayo, yopanda chilichonse choonetsa kuti mkati mwake amagamula miyoyo ya anthu. Pakhomo anativulitsa malamba ndi majekete, zikwama n'kudutsa m'makina, mafoni n'kuzimitsa.

M'chipinda chodikirira munali mipando yolumikizana ndi TV yopanda mawu. Pakona panakhala bambo wachikulire wa nduwira ndi mkazi wake, ali chete ngati ali pamaliro. Kutsogolo kwathu mtsikana wachizungu ankasisita mutu wa mwamuna wake uku akuyang'ana kamera ya kudenga. Ine sindinkadziwa choti ndichite ndi manja anga. Ndikagwira dzanja la amuna anga ziwoneka ngati sewero. Ndikapanda kugwira tiwoneka ngati anthu ongokumana pa siteji ya basi. Ndinafungatira chikwama changa, mmene munali buku la zithunzi limene apongozi anatikakamiza kutenga.

Anayamba kuitana amuna anga. Anakhalitsa mkatimo. Banja la nduwira linalowa m'chipinda china n'kutuluka, mtsikana uja ndi mwamuna wake anapita, ine ndili pompo. Chitseko chitatseguka, amuna anga anatuluka maso atafiira. Pa zaka zonse zimene takhala limodzi ndinali ndisanawaonepo choncho. Ndinaimirira kuti ndifunse, koma mayi amene anawatulutsa anandikodola kuti ndilowe, ndipo anati tisalankhulane. Amuna anga anandidutsa akuyang'ana pansi.

Mayi wofunsa mafunsoyo anali wa msinkhu wa azakhali anga, wa magalasi, ndipo anali ndi chimfine. Pa tebulo panali kompyuta, bokosi la matishu ndi kapu ya madzi imene anandikankhira. Ankalankhula mofatsa, Chingerezi cha ku Birmingham chokweza mawu kumapeto, moti ngakhale akamangonena chinthu zinkamveka ngati akufunsa. Anandiuza kuti zonse zijambulidwa, ndipo ndikapanda kumva ndinene.

Za mswachi sanafunse. Za bedi sanafunse. Anafunsa kuti Loweruka lapitali tinatani.

Loweruka silinali pa maphunziro a apongozi. Ndinati ndikuganiza kuti ndinali kuntchito. Kenako ndinakumbukira kuti ayi, limenelo linali Loweruka linalo. Ndinati tinakagula zinthu ku Cape Hill, n'kukayikanso ngati amuna anga anapita nane kapena anatsala akugona. Mayiyo ankangotayipa, osandiyang'ana.

"Munakwatirana liti?"

"Ukwati uti?" ndinafunsa.

Anasiya kutayipa. "Mwakwatiwapo kangati?"

"Kamodzi. Koma zinachitika katatu."

Ndinafotokoza kuti panali chinkhoswe kumudzi ku Ntcheu, kenako kusayinirana kwa boma kuno, kenako madalitso kutchalitchi. Kwa mayi anga, ukwati ndi chinkhoswe chija. Kwa apongozi ndi wa kutchalitchi. Kwa boma ndi wapakatiwo, umene tinapita anthu ochepa ine nditavala diresi la pa mwambo womaliza maphunziro. Pofuna kuthandiza ndinatulutsa buku la zithunzi n'kutsegula pa chinkhoswe. Mayiyo anavula magalasi, n'kuvalanso. Pa chithunzipo panali mnyamata ndi mtsikana atavala nsalu yofanana, atakhala pa mphasa, ankhoswe akusinthana tambala ndi msoti patsogolo pawo.

"Awa ndani?"

"Ndife."

"Uyu si inu. Uyunso si bambo amene ndangolankhula nawo."

"Ayi, si ifeyo. Uyu ndi mng'ono wanga, uyu ndi msuweni wa amuna anga. Anatiimira. Nthawi imeneyo kuyenda kunali kovuta, ndiye ife tinkaonera pa foni tili pabalaza kwa apongozi."

"Ndiye mng'ono wanu anakwatiwa ndi msuweni wa amuna anu?"

"Ayi. Amene anakwatiwa ndine. Iye anangokhala pa mphasa."

Ndinkadzimva ndekha kuti zimene ndikunena zikumveka ngati bodza, chonsecho zinali zoona zokhazokha. Mayiyo anamina, n'kutayipa kwa kanthawi ndithu. Sindinadziwe ngati akulemba kuti wamvetsa kapena kuti wandigwira.

Anafunsa za ana. Ndinati tilibe. Anadikira. Ndinati tikufuna, koma sizinatheke mpaka pano, ndipo tikuonana ndi a chipatala. Apa anandiyang'ana n'kugwedeza mutu pang'ono, osatayipa. Ndinaganiza kuti mwina zimenezi n'zimene zafiiritsa maso a amuna anga, ndipo mtima unakhalako pansi.

Kenako anati, "Mundiuze kumene munakumana koyamba."

Apa ndinapuma. Ili ndiye funso limene sindikanalephera. Ndinafotokoza za holo ya ku Smethwick, zolengeza, kapu yopanda kanthu, anzanga kundiseka. Ndinafotokoza bwino moti ndinamwetulira ndekha.

"Musanafike tsiku limenelo munali musanaonanepo?"

"Ayi."

"Mukutsimikiza?"

"Ndikutsimikiza."

Anayang'ana pa kompyuta. "Amuna anu anena zina. Akuti anakuonani koyamba ku nyumba yosamalira okalamba ku Bilston, miyezi ingapo m'mbuyo mwake. Munagwirapo ntchito ku Bilston?"

Choyamba chimene ndinaganiza n'chakuti amuna anga asokonezeka ndi mantha, atenga nkhani ya munthu wina. Chachiwiri, chimene sindinyadira, ndinaganiza kuti mwina panali mtsikana wina ine ndisanabwere, ndiye atisakaniza.

"Mwina," ndinatero. "Ndinkagwira za ejensi. Ndinapita malo ambiri."

"Akuti munkasamalira bambo awo."

"Bambo awo sindinawaonepo. Anamwalira ine ndisanalowe m'banjali. Anamwalirira kuchipatala."

Anatayipa. Phokoso la makiyi aja linkandilowa m'mano. Ndinayamba kuopa zinthu zimene sindinkazimvetsa n'komwe. Kodi akuganiza kuti ndinasaka mwamuna kudzera mwa wodwala? Kodi ndi mlandu? Nanga n'chifukwa chiyani munthu amene ndimagona naye nyumba imodzi angauze mlendo nkhani imene ine sanandiuzepo? Apongozi anatiphunzitsa za nyemba ndi nsapato, koma funso la kumene tinakumana sanatifunse ngakhale tsiku limodzi, chifukwa aliyense ankalidziwa yankho lake.

Mayiyo anandipatsa nthawi. Ndinamwa madzi. Ndipo pang'onopang'ono, ngati mmene chithunzi chimabwerera pa foni netiweki ikavuta, ndinakumbukira mkulu wina. Kunali ku nyumba ina ya njerwa zofiira, ya chipinda chodyera choyang'ana kumsewu. Ngati kunali ku Bilston sindingalumbire. Atandiona pakhomo, amene ankayang'anira shifiti anafunsa kwathu, ndipo nditanena kuti Malawi anandikoka mkono mpaka ku chipinda chakumapeto. Anati muli bambo amene chidwalireni sitiroko Chingerezi chinawathawa, akulankhula chilankhulo chimene palibe akumva. Ndinapeza nkhalamba yowonda, mafupa okhaokha, mbali imodzi ya nkhope itagwa. Ndinati, "Muli bwanji, bambo?" Anandigwira dzanja osafuna kulisiya. Ndinapitako masiku ochepa, kenako ejensi inanditumiza kwina.

Ndinamuuza mayiyo zimenezi. Ndinati dzina lawo sindikulikumbuka, poti kumeneko okalamba amawaitana ndi dzina loyamba, ndipo bambo wa pa chithunzi cha kwa apongozi ndi wathupi, sangakhale yemweyo. Kenako ndinati mwina angakhale yemweyo. Ndinati mwana wawo sindikumukumbuka n'komwe, chifukwa nthawi imeneyo achibale sankaloledwa kulowa.

"Ndiye tilembe ziti? Ku tchalitchi kapena ku Bilston?"

"Sindikudziwa."

"Simukudziwa kumene munakumana ndi amuna anu?"

"Kumene ine ndinakumana nawo ndikukudziwa," ndinatero. "Kumene iwo anakumana ndi ine n'kumene sindikukudziwa."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Sindinathe kuwerenga nkhope yake. Anatayipa mzere umodzi, n'kufunsa tinthu tina tochepa, za lendi ndi za amene amatulutsa mabini a zinyalala, kenako anati tatha, yankho atitumizira. Anandibwezera buku la zithunzi n'kunditsegulira chitseko.

Tinayenda mpaka pa galimoto. Mvula inali itakula. Tinalowa, amuna anga n'kugwira chiwongolero osaliza injini. Magalasi anayamba kuchita nthunzi.

"Bilston," ndinatero.

Anagwedeza mutu.

"Zoona?"

"Zoona."

Anafotokoza m'Chingerezi chawo chofulumira, akuyang'ana kutsogolo. Bambo awo atatuluka m'chipatala koyamba sankatha kuyenda kapena kudzidyetsa, ndipo apongozi anali pa ntchito usana ndi usiku chifukwa cha mliri. Anawapititsa ku nyumba ya okalamba. Apongozi zinawapweteka kwambiri, poopanso pakamwa pa Amalawi anzathu, amene akanati namwino wathunthu wataya mwamuna wake kwa azungu. Choncho kunja ankangoti ali kuchipatala, ndipo popeza kumapeto anamwaliriradi kuchipatala, nkhani inakhazikika choncho, ngakhale m'nyumba momwe.

Amuna anga ankapita kukawaona akaweruka. Kulowa kunali koletsedwa, ndiye ankaima panja pa zenera, ogwira ntchito n'kukankhira bambo awo pafupi pa njinga ya odwala, zenera n'kutsegula pang'ono. Bambowo ankalankhula Chichewa chokhachokha, cholemera ndi sitiroko, ndipo mwana wawo sankatolapo kanthu. Ankangoti "eya, eya" mpaka nthawi itatha. Tsiku lina anapeza kuti amene wakankha njingayo ndi mtsikana wa masiki amene akuyankhana nawo. Bambo awo ananena chinachake, mtsikanayo anaseka, iwonso anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa. Chidwalireni anali asanasekepo.

"Nkhope sindinaione," anatero. "Koma mawu ndinawasunga. Tsiku lija mu holo utayamba kuwerenga zolengeza, ndinadziwa usanamalize mzere woyamba."

"Ndiye kuima kuja ndi kapu?"

"Ndinkafuna kukufunsa."

"Kundifunsa chiyani?"

"Zimene ankanena."

Ndinafunsa chifukwa chimene sanafunsire tsiku lomwelo, kapena mwezi wotsatira, kapena zaka zonsezi. Anati tsiku loyamba anachita manyazi, poti akanayamba bwanji kuuza mtsikana wachilendo kuti sankamva chilankhulo cha bambo ake. Kenako tinayamba chibwenzi, ndipo anaopa kuti ndiganiza kuti ananditsatira chifukwa cha zimenezo. Kenako panali mayi awo. Nthawi itapita, nkhani ya kapu inali itakoma kale m'kamwa mwa aliyense. Nanga lero? Anati mayi uja anawachenjeza kuti anene zoona zokhazokha, n'kufunsa kuti munamuona liti koyamba, osati munakumana kuti. Pakamwa panangotseguka.

Sindinkadziwa ngati ndikwiye. Mbali ina ndinkafuna kuwamenya ndi buku la zithunzi lija, chifukwa mwina anali atangondikwezetsa ndege. Mbali ina ndinkaona munthu ataima pa udzu wonyowa kunja kwa zenera, atavala yunifomu ya ku fakitale, ndipo ine ndili mkati osamuona n'komwe. Ndinayesa kumukumbukira. Zenera ndinalikumbuka, katani lake la maluwa ndinalikumbuka, koma kunja kwake kunalibe munthu.

"Ankati chiyani?" anafunsa, tsopano akundiyang'ana.

Ndikanatha kupeka. Ndikanati ankanena kuti amakunyadirani, ndipo akanakhulupirira. Koma tsiku limenelo ndinali nditatopa ndi mayankho okonza. Ndinawauza zimene ndinkakumbuka, zomwe zinali zochepa. Ankanditenga ngati mlongo wawo, n'kumandifunsa ngati ndatsekera mbuzi. Ankafunsa ngati basi ya ku Balaka yadutsa kale. Ankadandaula kuti anthu a m'nyumbamo amaphika ngati mchere ndi wobwereka.

"Nanga chimene munaseka?"

"Sindikukumbuka."

"Za ine sananenepo?"

"Sindikudziwa. Mwina ananena. Ndinkathamanga, zipinda zinali zambiri. Pepani."

Anagwedeza mutu. Anabwereza mawu akuti mbuzi, mwa katchulidwe kawo kokhota, n'kufunsa ngati ndi nyama imene akuiganizayo. Ndinati eya. Anaseka pang'ono, n'kupukuta m'maso ndi mkono wa jekete, kenako analiza galimoto. Panjira apongozi anaimba foni kufunsa ngati za mswachi zinatuluka. Ndinati ayi. Anati ndiye anafunsa chiyani nthawi yonseyi? Ndinati tidzakufotokozerani tikabwera.

Masabata otsatira anali ovuta. Imelo iliyonse ikalira ndinkadzidzimuka. Mnzanga wa ku Zambia uja anati mayankho akasiyana ndiye basi, ndiyambe kufunsa za maloya. Mayi wina wa kutchalitchi anati ayi, amakayikira kwambiri anthu amene mayankho awo afanana ndendende. Sindinadziwe womvera. Kunyumba ndinkapezeka ndikuyang'ana amuna anga akudya, n'kumadzifunsa kuti pali zingati zina zimene ndimaziona ngati ndikuzidziwa. Iwonso anayamba kundifunsa mawu a Chichewa mwadzidzidzi, tili m'shopu kapena pa mzere wa magalimoto. Ena anali mawu enieni. Ena anali maphokoso chabe amene anawasunga kuchokera pa zenera paja, ndipo ngakhale anawabwereza motani sindinathe kuwamasulira.

Yankho linabwera m'mawa wina ndikupita kuntchito, ndili m'basi. Anandipatsa chilolezo. Uthengawo unali waufupi, ndipo sunanene kanthu za intavyu, kapena chifukwa chimene anatiitanira, kapena yankho limene anakhulupirira. Mpaka lero sindidziwa. Ndinadutsa siteji yanga n'kutsikira kutsogolo, kubwerera wapansi.

Apongozi tinakawauza zonse Lamlungu lotsatira. Amuna anga ankafuna tingonena za chilolezo, koma ine ndinakana. Anali kukhitchini akudula anyezi, atavala epuloni pamwamba pa zovala za kutchalitchi. Mwana wawo anayamba m'Chingerezi, n'kukakamira pakati, ine ndinamaliza m'Chichewa. Nditatchula Bilston mpeni unaima. Sanatembenuke. Ndinaopa kuti akwiya kuti chinsinsi chawo chafika mpaka ku boma, ndipo ndinayamba kupepesa.

"Unali iweyo?" anafunsa, akuyang'anabe anyezi.

"Zikuoneka choncho, amayi. Ine sindinkadziwa."

Anatsuka m'manja, n'kupukuta pa epuloni nthawi yaitali kuposa mmene manja amafunira. Kenako anakoka mpando n'kukhala, n'kundilozera wina.

"Ine a kunyumba ya okalamba ija sankandilola n'komwe kufika pa zenerapo," anatero. "Ndinkagwira mu wodi ya odwala matenda a mliri aja. Ankandiuza pa foni kuti ali bwino, ali bwino." Anandiyang'ana. "Ankadya?"

Apa ndinali ndi yankho, ndipo ndinadabwa kuti ndinali nalo. Ndinawauza kuti chakudya chamasana ankakankha, koma phala la m'mawa ankamaliza ndikawathirira shuga wambiri mobisa, ndipo ankafuna kuti supuni ndiziwapatsira kumanzere, kumene pakamwa pankagwira.

"Shuga," apongozi anatero. "Munthu wa matenda a shuga."

Ndinati sindinkadziwa, kapena mwina anandiuza koma ndinaiwala, sindikukumbuka.

Anagwedeza dzanja kuti ndisiye. "Ine ndinamuletsa zaka zonse, ankabisa m'thumba la jekete. Unachita bwino." Anaimirira kubwerera ku anyezi wawo, n'kuuza mwana wawo kuti asangoima ngati mlendo, atenge mbale ayale patebulo.